Masekondi a Tusekele

South Bend,
26 Okotobala 2014

Achemwali anga Flora,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mbuzi zanu zonse, makamaka yakuda ija yofanana ndi malemu alamu. Ine kuno ndadzuka, poti kugonanso kumatopetsa.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumangoti "mwati chani?" mpaka mwana wanga Gray kuyamba kuyang'ana wotchi. Khutu lanu lidapuma pantchito kalekale, koma maso ndikudziwa akadali akuthwa, amaona ngakhale tchimo limene munthu sanalichite.

Dokotala wa mtima wandiona kawiri. Akuti mtima wanga ukudumphadumpha ngati kaseti yotafunidwa ndi deki. Wandipatsa timapiritsi, wandiletsa mchere. Ndinamufunsa kudzera mwa Gray ngati chibwenzi wandiletsanso. Sanaseke, ndipo ndikukayika ngati Gray anafikitsa uthengawo wonse.

Kuno kukuzizira, ndipo akuti uku n'kuyesa chabe. Gray amagwira kuchipatala, mpongozi wanu Lucia kunyumba yosamalira okalamba. Akamabwera nkhope zimakhala ngati kansanza kotsukira mbale. Ine ndimaswera ndekha ndi TV. Ndimaitsitsa mawu n'kumailankhulira monga kale, koma mipando ya kuno siseka.

Tsopano gwirani mpando. Mukuikumbukira filimu ija ya dalaivala wa galimoto ya buledi, amene anasochera n'kukapezeka ali mu mpikisano wa magalimoto? Ija ndinaionetsa zaka makumi awiri mu vidiyo shoo yanga kuseri kwa msika, ine ndili pa maikolofoni kutanthauzira anthu, chonsecho Chingerezi changa chidathera mu Sitandade 5? Dalaivala ndinamutcha Dixon, bwana wake wonenepa uja ndinamutcha Apongozi. Zimene ankanena zenizeni sindinazidziwepo, ndipo palibe anabwera kudzadandaula.

Eya, a ku Hollywood aijambulanso. Anthu atsopano, nkhani yomweyo. Gray akuti nzeru zikawathera amatero, amangotenthetsa ndiwo za dzulo. Gawo lina anadzajambulira ku Speedway, m'kati mwa Indianapolis, kumene kuli bwalo la mpikisano. Ndipo achemwali, m'filimumo muli Tusekele! Chitsirizira wanga yemwe uja ankakhala pansi pa tebulo la deki. Amuveka za unesi, ndipo akulankhula.

Zaka zisanu ndi chimodzi mwanayu wakhala akusambitsa nkhalamba ku Indianapolis, tsiku lopuma n'kumathamangira kukayesa mwayi wa zisudzo. Aka n'koyamba kumupatsa mawu. Filimu ikutuluka pa 21 Novembala, ndipo tonse tipita.

Mundiuze za kumudzi. Denga la nyumba yanga likadali pamwamba kapena latsika kudzaona pansi? Nanga mwana wanu Magdalene akusesabe pamanda pa mkazi wanga Sophia?

Ndine mlongo wanu wosamva,
Lameck


Balaka,
18 Novembala 2014

Achimwene,

Moni m'dzina la Ambuye. Kalata yanu ndinalandira sabata yatha. Mbuzi zili bwino, ndipo musiye kutonza akufa, nanunso muli pamzere.

Za Tusekele ndalengeza ku Mvano Lachinayi. Amayi anaimba nthungululu mpaka abusa kusuzumira pawindo. Ndawauza kuti mwana wathu ndiye mwini filimu yonse ku Amereka. Amene anagula vidiyo shoo yanu walemba kale pabolodi ndi choko kuti ikubwera, ndipo dzina la Tusekele walilemba lalikulu kuposa la filimuyo.

Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Popita kukaonera, pakamwa musiye kunyumba. Ndimakudziwani. Pa ukwati wa Gray munalanda maikolofoni kwa mkulu wa mpingo, mpaka lero sandipatsa moni wabwino. Tsiku la filimulo ndi la mwana. Mukakhale pansi ngati kholo, muombe m'manja, mubwerere.

Mvula sinayambe. Denga lanu lilipo koma malata awiri akulira mphepo ikawomba. Magdalene amasesa Loweruka lililonse. Mapiritsi muzimwa, osati kuwabisa pansi pa pilo monga munkachitira ndi a malungo.

Ndine,
Flora


South Bend,
24 Novembala 2014

Achemwali,

Simunandiyankhe, koma nkhani yandipsa m'kamwa, siingadikire positi ofesi.

Kuno kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuonera filimu n'kuinyoza m'nyuzipepala, ndipo amalandira malipiro! Ine moyo wanga wonse ndakhala ndikunyoza zinthu ulere. Lachisanu Gray anatsegula kompyuta n'kumandiwerengera. Wina akuti filimuyi ili ngati kufukula munthu amene anagona mwaulemu n'kumuuza kuti avine. Wina akuti anaseka kamodzi kokha, pamene anakumbukira yakale ija. Wachitatu anapereka nyenyezi imodzi pa zisanu, n'kunena kuti imeneyo ndi ya galimoto ya buledi chifukwa ndi yokhayo imene inayesetsa. Za Tusekele palibe anatchula, chabwino kapena choipa. Gray anatseka kompyuta n'kuti, "Adadi, zimenezi musakazitchule mawa." Ndinalonjeza, ndipo sindinazitchule.

Loweruka tinanyamuka m'mawa. Pafupifupi maola atatu tikungodutsa minda ya chimanga yokololedwa kale, yosalala ngati tebulo, popanda ngakhale munthu wogulitsa mbewa. Tinakapeza Amalawi a kumpingo kwa Tusekele akudikira, anthu ngati makumi atatu. Filimu inali ya 2 koloko masana chifukwa ambiri anali ndi shifiti.

Tusekele anavala diresi lofiira. Waonda, achemwali. Anandigwira dzanja n'kuti, "Adadi, ine ndikubwera cha kumapeto, Dixon wanu akachita ngozi. Mumvetsere bwino, ndi kamodzi kokha."

Ndinati, "Mwana wanga, makutu awa ndawatsuka ndi sopo."

Holo yake yaikulu ngati tchalitchi, mipando yofewa, koma munali ife ndi azungu osakwana khumi. Filimu inayamba. Dixon watsopanoyu mano oyera mbee, thupi la munthu amene sanalawepo buledi. Anagwa m'matope, holo ili zii. Apongozi anang'ambika buluku, holo ili zii. Mzungu wina kutsogolo anayasamula mpaka ndinamva nsagwada.

Inu mukudziwa kuti holo yachete imandiyabwa ngati chitedze. Ku Balaka anthu akakhala chete mphindi ziwiri, ndinkadziwa kuti mawa akaonera kwa mnzanga wa kudepoti. Ndinapirira theka la ola. Kenako ndinangonong'oneza a Mervin, mkulu wa kwaya, amene anali pambali panga. Ndinati, "Uyu si Dixon, ndi mdzukulu wake, wabwera kudzalanda chuma cha masiye." A Mervin anaphulika, mbuliwuli kumwazika pansi. Mayi wa kumbuyo anati, "Agogo mwati chani? Kwezani!" Ndinakweza. Mzere wonse unagwa. Ndisanadziwe ndinali nditaimirira.

Achemwali, mawu anabwerera onse! Apongozi ndinawapatsa mawu awo aja a m'mphuno. Anthu otopa aja, osambitsa nkhalamba, oyenda m'makhonde a chipatala, anaseka mpaka kupukuta misozi. Gray ankandikoka jekete. "Adadi khalani pansi, kuno sitichita zimenezi." Ndinati, "N'chifukwa chake nonse muli ndi BP."

Ndiye Dixon anagunda mulu wa matayala, anamuika pamachira, ndipo kunatulukira nesi. Tusekele! Nkhope yake yokha kukula ngati khoma la sitolo. Ndinaona akutsegula pakamwa, ine ndinakuwa kuti, "Uyo mwana wanga! Akuti, a Dixon, mwadya buledi wa kampani, jekiseni wake ndi uyu, tembenukani!" Holo inagwedezeka. Nthungululu, m'manja, a Mervin kugwa pampando. Mmene phokoso linkatha, pachinsalu panali patabwera magalimoto.

Kenako kunabwera mayi wa tochi wogwira ntchito pamalopo, n'kundiperekeza kunja mwaulemu. Sindinadandaule, wansembe salalikira mpaka aliyense atuluke. Koma Tusekele sindinamuonenso. Lucia akuti anatuluka ine ndisanatulutsidwe. Kuchakudya chimene amayi a kumpingo anakonza sanabwere. Foni sakuyankha. Pobwerera Gray anangogwira chiwongolero, maso pamsewu mpaka ku South Bend.

Ine ndikuganiza kuti ndi manyazi a kutchuka. Filimu ija inali itafa, achemwali, ndinaidzutsa ndine. Akapuma adzandithokoza.

Wanu,
Lameck


Indianapolis,
9 Disembala 2014

Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino. Pepani kuti ndakhala chete nthawi yaitali. Ndikulemba ndili pa buleki kuntchito, ndiye musadabwe ndi kalembedwe.

Magdalene wanditumizira uthenga kuti dzina langa lili pabolodi kumsika. Chonde muwauze alifufute. Ine si mwini filimu. Ndimaoneka masekondi khumi ndi imodzi. Anandijambula malo atatu, awiri anawadula. Masiku awiri ndinaima padzuwa ku Speedway nditavala yunifomu, ndipo chiganizo chimodzi chomwecho ndinachibwereza kakhumi ndi kanayi. Ndinachiprakitisa miyezi iwiri, m'basi, m'bafa, ngakhale posambitsa agogo a m'chipinda chachisanu, amene anafika pochiloweza.

A nyuzipepala sakunama. Filimuyo ndi yoipa, ndinadziwa tikujambula. Sizinandipweteke. Ndinkangofuna anthu anga amve mawu anga akutuluka m'masipika aja kamodzi. Palibe anamva, azakhali. Ngakhale mmodzi. Adadi anaimirira n'kuikapo zawo. Pano ndikalowa m'tchalitchi ana ndi akulu omwe akundilonjera kuti "tembenukani." Lamulungu lapitali sindinapite.

Mukukumbukira ndinkakhala pansi pa tebulo la deki? Tsiku lina ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu ndinawafunsa kuti, "Adadi, koma mzunguyo akunena chiyani kwenikweni?" Anati, "Akunena zimene ndikunena inezi." Chingerezi ndinachilimbikira chifukwa cha yankho limenelo. Ndinkafuna kumva ndekha. Sindinkadziwa kuti tsiku lina wotsekedwa pakamwa pachinsalu ndidzakhala ine.

Akumandisiyira mauthenga pafoni m'mawu a Apongozi. Ndimamvetsera chiyambi chokha n'kudilita. Ndikudziwa kuti amandikonda, ndikudziwanso kuti akudwala. Koma ndatopa, azakhali. Ndatopa ndi kuseka kuti iwo amve bwino. Khirisimasi ndatenga mashifiti onse, ku South Bend sindipita.

Musawauze kuti ndakulemberani. Moni kwa Magdalene.

Mwana wanu,
Tusekele


South Bend,
4 Januwale 2015

Achemwali,

Chaka chabwino. Kalata yanu ya Novembala inafika pa 10 Disembala. Langizo lanu loti ndisiye pakamwa kunyumba linali labwino, koma linafika ngati ambulera mvula itakata.

Kunja kwayera ndi chipale chofewa, mpaka galimoto ya Lucia timachita kuifukula. Ndinayesa kutuluka tsiku lina, mphuno inaleka kukhala yanga. Ndimangokhala pawindo kuwerenga mabasi. TV ndasiya kuilankhulira.

Filimu ija anaichotsa m'maholo patangotha masabata atatu. Gray akuti anthu sanapite. Ndikanakhala ndi mapiko ndikanayenda holo ndi holo, koma munthu mmodzi sangapulumutse Amereka yense.

Tusekele sanabwere pa Khirisimasi. Lucia anaphika mpunga ndi nkhuku, mbale yake inangokhala. Ndamuimbira kakhumi. Ndamusiyira mauthenga oseketsa kwambiri, ena ndinkaseka ndekha powajambula. Ndinamutumizira khadi nditajambulapo jekiseni. Zii. Ndafunsa Gray, akungoti, "Adadi, muganize bwino." Ndaganiza. Ndi anthu a nyuzipepala aja, amuswa mtima mwanayu. Ndauza Gray kuti andipezere adiresi ya wa nyenyezi imodzi uja ndimulembere, koma akungopukusa mutu.

Tsopano nayi nkhani yosaseketsa, ndiyesa kuilemba msanga. Masiku anga okhala kuno akutha, ndege ndi pa 9 Epulo. Dokotala akuti mtima wakhazikika pang'ono, koma ulendo wautali chonchi ndisadzaubwerezenso. Mapepala a Tusekele sanalongosoke, akatuluka muno sangabwererenso. Ndiye mwaona. Ndikakwera ndege ija asanabwere, basi, tidzaonana kwa Sophia. Masabata ndawawerenga, atsala khumi ndi atatu ndi timasiku.

Bwanji simukulemba? Kapena mbuzi ija yadya cholembera? Mundiuze ngati mvula yabwera.

Lameck


Balaka,
16 Febuluwale 2015

Achimwene,

Tili moyo. Mvula yachaka chino simunaionepo. Misewu inaduka, anthu kumunsi akugona m'masukulu. Makalata anu awiri ndi ina yachitatu afika pamodzi sabata yatha, onyowa m'mphepete. Khoma la kukhitchini kwanu lagwa. Denga lilipo.

Yachitatuyo ndi ya Tusekele. Anandipempha kuti ndisakuuzeni, ndipo ndapemphera masiku atatu ndisanaphwanye pempho lake. Koma inu mukasiyidwa nokha mudzafika pa 9 Epulo mukulondola mzungu wa nyuzipepala.

Si a nyuzipepala. Ndinu.

Kalata yanu ya ku holo ndaiwerenga kawiri. Masamba anayi. Ndapezamo zimene munanena inu, zimene ananena Gray, mbuliwuli za a Mervin. Ndiye ndikufunseni: mwana ananena chiyani? Amayi a ku Mvano akundifunsa, ine ndilibe yankho. Munali pomwepo, makutu otsuka ndi sopo. Anapatsidwa masekondi khumi ndi imodzi atadikira zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo inu munawatenga.

Ndinena ndi china chimene ndasunga nthawi yaitali. Tsiku lomaliza la Sophia kuchipatala, ine ndinali pamutu pa bedi. Ankafuna kukuuzani kanthu, milomo ikuyenda. Inu munali pakati pa wodi kutsanzira kayendedwe ka sisitala, odwala onse akuseka. Ndikudziwa munkachita mantha, ndipo mukachita mantha mumaseketsa anthu. Muli choncho kuyambira tili ana. Koma mmene munkabwera pabedi anali atatopa, ndipo sananenenso.

Inenso ndili ndi mlandu wanga. Ndinakuza nkhani. Lachinayi ndinaimirira ku Mvano n'kunena kuti si mwini filimu, ndi masekondi chabe. Sindinafe nazo. Dzina pabolodi mvula inafufuta yokha.

Mulembereni mwanayo. Osati foni, osati khadi la jekiseni. Kalata yopanda nthabwala. Ikatsala mizere itatu, ikhale itatu yomweyo.

Mlongo wanu,
Flora


South Bend,
10 Malichi 2015

Tusekele mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Ine ndilipo.

Ndang'amba mapepala anayi chifukwa nthabwala zikumangolowa zokha ngati nkhuku m'khitchini. Iyinso ndi imodzi, pepa, ndaisiya chifukwa mapepala a Lucia atsala pang'ono.

Azakhali ako andifunsa kuti unanena chiyani m'filimu muja. Ndakhala pawindo masiku awiri kufunafuna m'mutu. Ndikuona pakamwa pako pakutseguka. Mawu amene ndikumva ndi anga.

Unandipempha chinthu chimodzi, kuti ndimvetsere. Sindinamvetsere. Ndinalakwa. Usawakwiyire azakhali ako, akanapanda iwo bwenzi ndikudziyesabe ngwazi.

Ndikunyamuka pa 9 Epulo. Sindikuti ubwere, ntchito yako ndi yolemetsa ndipo ulendo ndi wautali. Koma ngati ungathe, ndilembere papepala mawu amene unanena aja. Gray adzandiwerengera. Ndikufuna ndipite nawo kumudzi.

Bambo ako,
Lameck


South Bend,
6 Epulo 2015

Achemwali Flora,

Kalata iyi mwina ndifika ndine isanafike, koma ndilembabe, chala chazolowera.

Ndinachita zimene munanena. Ndinalemba yopanda nthabwala, kupatula kamodzi kakang'ono kamene kanazemba. Kenako ndinadikira. Sabata yoyamba ndinkatsikira kubokosi la makalata kawiri patsiku. Yachiwiri kamodzi. Yachitatu ndinayamba kulongedza sutikesi. Lucia wandigulira masokosi ambiri ngati ndili ndi miyendo isanu ndi umodzi.

Loweruka la Pasaka, cha m'ma 11 koloko m'mawa, belu linalira. Gray anali kukhitchini, ndiye ndinatsegula ndine. Tusekele. Jekete lalikulu, maso ofiira, wachokera kuntchito n'kukwera basi osapuma. Sanandikumbatire. Anati, "Mwadzuka bwanji adadi?" ngati tinasiyana dzulo. Ndinati ndadzuka. Lilime linkafuna kuwonjezera, ndinaliluma.

Anatulutsa chimbale m'chikwama. Akuti filimu ija yayamba kale kugulitsidwa m'sitolo, anaipeza m'dengu la zotsika mtengo, pansi pa makandulo otsala pa Khirisimasi.

"Papepala sindilemba," anatero. "Khalani apo."

Ndinakhala. Rimoti anagwira yekha. Anathamangitsa filimu yonse, Dixon akugwa m'matope mothamanga, Apongozi akung'ambika buluku mothamanga, ndipo kunena zoona, achemwali, ikamathamanga choncho ndi yabwinoko. Izi sindinanene. Anaimitsa pamene pali machira.

"Mwakonzeka?"

Ndinagwedeza mutu.

"Adadi, mukatsegula pakamwa ndikukwera basi ya 3 koloko."

Ndinagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Ndipo ndinamva. Mawu ake ndi otsika, osathamanga, ngati a Sophia akamayankhula ndi mwana wodwala. Sindinkadziwa kuti ali ndi mawu otero. Anawerama pa Dixon, ananena, anaika kachitsulo ka madokotala kaja pachifuwa, basi magalimoto. N'zazifupi zedi. Munthu utayetsemula, waphonya.

Anaimitsa n'kundiyang'ana. Ine Chingerezi cha Sitandade 5 chinagwirapo liwu limodzi lokha. Ndinachotsa dzanja limodzi n'kufunsa kuti, "Wati chiyani pamenepa?"

Anati, "Mukufuna zanu kapena zanga?"

"Zako."

"Ndati, bambo, takhalani chete pang'ono, ndimve mtima wanu."

Kukhitchini Gray anagwetsa supuni, ndinamumva akulimbana ndi chiseko. Ine nthabwala zitatu zinafika pakhosi nthawi imodzi, zonenepa bwino, imodzi mwa izo mwina yoposa zonse zimene ndinanenapo. Ndinazimeza zonse. Zinawawa kuposa mapiritsi.

Ndinangoti, "Bwezanso."

Anabweza. Tinaonera kasanu. Kachitatu anandiuza kuti dzuwa linali loswa mtengo tsikulo, ndipo nsapato anamupatsa zothina. Kachinayi anandionetsa pamene dzanja lake likunjenjemera, ine sindikanaona. Kachisanu anagona pampando pomwepo, rimoti ili m'manja, jekete osavula. Ndinakhala naye maola awiri, TV itaima pa nkhope yake. Basi ya 3 koloko inapita yokha.

Sananene kuti wandikhululukira, inenso sindinafunse. Dzulo kutchalitchi anakhala pakati pa ine ndi Lucia. Wabwerera lero m'mawa, koma wasinthana shifiti ndi mnzake kuti Lachinayi adzandiperekeze ku Chicago. Akuti zisudzo sakudziwa ngati apitiriza, watopa. Ndinali ndi malangizo ambiri. Ndinati, "Ndamva."

Chimbale wandipatsa. Mukamuuze amene anagula vidiyo shoo uja kuti alembenso pabolodi, dzina la Tusekele likhale laling'ono bwino, ndipo andibwereke maikolofoni tsiku limodzi. Filimuyi payokha siingayende, a nyuzipepala sananame, ndiyenera kuithandiza kuyambira pachiyambi. Koma Dixon akangogunda matayala ndidzazimitsa maikolofoni, ndipo aliyense wotsokomola ndidzamutulutsa ndekha ndi tochi. Inu ndi khutu lanulo mudzakhale benchi yakutsogolo, pafupi ndi sipika. Ndi kamodzi kokha.

Khoma la kukhitchini musalikhudze, ndidzaliona ndikafika.

Mlongo wanu,
Lameck